Mmene Ndinasonkhanitsira Abale a Bambo Murphy

Pepani kuti ndalimba mtima kulemba, ine amene sukulu yanga ndi ya kumudzi ku Dedza, ndipo kalata yaitali imene ndinalembapo ndi yopempha ntchito. Wina akanangokhala chete, poti nkhani yake ndi ya mmene ndinatsala pang'ono kubwezedwa kwathu. Koma azakhali anga amaikamba pa chinkhoswe chilichonse cha Amalawi kuno ku Birmingham, ndipo ulendo uliwonse amawonjezera anthu awiri atatu pa gulu limene ndinaitana. Ndiye ndati bola ndiinene ndekha, chiwerengero chisanafike zana.

Ndinabwera kuno pa viza ya ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndinkakhala ku Handsworth kwa azakhaliwo, amene ndi anamwino. Tsiku loyamba anandikhazika pansi.

"Iwe, viza yakoyi yamangidwa pa kampani imene yakulembayo. Akakuchotsa ntchito, uli pa ndege. Nzeru zako usiye m'chikwama, uzingotsata zimene zalembedwa."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Ku ofesi ndinasaina mapepala ambiri, limodzi mwa iwo loti sindidzaulula kwa aliyense dzina, adiresi kapena matenda a munthu amene ndikumusamalira. (Ndinaliwerenga kawiri, chala chili pa mzere. Ndikunena izi kuti musandiikire kumbuyo kuti mwina sindinkadziwa.)

Mmodzi wa anthu anga anali bambo Murphy, a zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, okhala okha m'kanyumba ka njerwa zofiira kuseri kwa Stratford Road ku Sparkhill. Anachoka ku Ireland ali mnyamata kudzakumba misewu, ndipo sanakwatirepo. Ndinkapita kawiri patsiku kukawasambitsa, kuwapatsa mankhwala ndi kuwathirira tiyi, amene iwo ankati ndi madzi otsukira mbale. Dzina langa sanavutike nalo. Ndinali "mnyamata iwe".

Pakhoma pawo panali kansalu kojambulidwa mikango, pansi pake mawu amene anandikanika kuwerenga. Tsiku lina ndikuwaveka masokosi, ndinafunsa mwaulemu.

"Limenelo ndiye dzina langa lenileni," anatero. "Ó Murchadha. N'chinenero cha makolo athu, Chigeliki. Angerezi linawapinda lilime, ndiye analidula n'kukhala Murphy."

"Limatanthauza chiyani, bambo?"

"Kachilembo koyambako ndiye kuti mdzukulu wa uje. Murchadh linali dzina la munthu, kutanthauza wankhondo wa panyanja. Ndiye ife ndife adzukulu a wankhondo wa panyanja. Ine sitima yapamadzi ndinakwerapo kamodzi, pobwera kuno, ndipo ndinasanza njira yonse."

Adzukulu a kholo limodzi, dzina limodzi: uwu ndi mfunda basi! Ine ndine wa Mbewe. Nditapita ku Lilongwe kukafuna pasipoti zinthu zinachedwa, ndipo ndinakhala masiku awiri kwa bambo wina wogulitsa matayala amene ndinali ndisanamuonepo, chifukwa chongomva kuti nayenso ndi Mbewe. Anandipatsa bulangete lake. Sanafunse n'komwe kuti agogo anga ndi ndani.

"Nanga abale anu ali kuti, bambo?"

"Ena anafa, ena kaya. Tathira tiyi wako woipa uja."

Mu Okutobala chifuwa chinawagwira. Anagona sabata yathunthu, ndipo pakhomo sipanafike munthu kudzawazonda, kupatula namwino ndi ine, amene tinkabwera pa ntchito. Zinandipweteka. Kwathu wodwala wosazondedwa ndi manyazi a mudzi wonse, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala loti palibe anatumiza uthenga.

Lachiwiri ndikutuluka m'nyumbamo ndinaona galimoto ya wokonza mipope itaima pakona, pambali pake zilembo zazikulu: Murphy. Ndinaizungulira katatu. (Ine ndi munthu woti ngakhale kufunsa dalaivala wa basi kuti ndatsika pati, ndimayamba ndakonza mawu mumtima.) Mwini wake anatulukira atanyamula chitsulo.

"Pepani bambo, ndinu a Murphy?"

"Eya. Mpope waphulika?"

"Ayi. M'bale wanu wachikulire akudwala, ali yekhayekha." Ndinaloza nyumba, ndinatchula ndi nambala yomwe.

Anakanda mutu. "Mkulu wa ku Ireland? Amayi amakamba za mchimwene wa malemu bambo anga amene anasowera kuno kalekale. Ndiwafunsa. Tibwere liti?"

"Lamulungu, 2 koloko masana." Inali nthawi ya shifiti yanga.

Mukuona? Munthu woyamba yemweyo anali ndi m'bale wosowa. Ndinakwera basi ndikumva kukoma ngati ndapulumutsa mudzi.

Lachinayi, kumalo kumene ndinkatenga mankhwala awo, mayi wa pakauntala anali ndi kabaji pachifuwa: Murphy. Ulendo uno sindinazungulire. Ndinawauza zonse, chifuwa, kusungulumwa, nambala ya nyumba. Anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira, kenako analemba pa kapepala. Ine ndinkati chisoni chawagwira.

Lachisanu azakhali anandituma kukabweza poto kwa anansi awo, mayi achikulire ochokera ku Jamaica, ndipo pa envelopu imene inali pakhomo ndinaona dzina lomwe lija. Apa ndinaima kaye, chifukwa mayiwa khungu lawo ndi ngati langa. Koma ndinadzikumbutsa kuti a Mbewe aliko ku Zambia, aliko ku Mozambique, ena ofiirira, ena akuda bii. Mfunda umayenda. Ndinawauza.

"Mwana wanga, munthu akudwala yekha m'nyumba? Ambuye atichitire chifundo. Tibwera."

Sindinafunse kuti abwera ndi ndani. Bambo Murphy nawonso sindinawauze kanthu. Kwathu wodwala sapemphedwa chilolezo chomuzonda.

Lamulungu lija ndinagula mabisiketi paketi imodzi ndi kukonza mipando itatu. Wodwala wanga anali atayamba kupeza bwino. Anakhala pampando wawo atavala kaveseti ndi buluku logonera, akuonera mpikisano wa akavalo pa TV. Belu linalira.

Analowa wokonza mipope, mkazi wake, ana atatu, amayi ake oyendera ndodo, ndipo kumbuyo kwawo wansembe. Uthenga wanga unali utakula m'njira. Ine ndinati akudwala, mkuluyo anauza amayi ake kuti ali kayakaya, amayiwo anakatenga wansembe. Ndisanatseke chitseko anafika mayi wa kumankhwala. Kenako mayi a ku Jamaica ndi anzawo asanu ndi mmodzi a kutchalitchi kwawo, atavala zipewa, maseche ali m'manja. Onse pamodzi khumi ndi asanu. (Azakhali pano amati makumi anayi. Ndinawawerenga ine, chifukwa mabisiketi anali khumi ndi awiri.)

Ndinagwada pafupi ndi mpando, monga tichitira, n'kupereka malonje.

"Bambo, abale anu a kwa Murphy amva za matenda anu, ndiye abwera kudzakuonani."

Anayang'ana gulu lija. Anayang'ana wansembe, amene anali akutulutsa kabotolo ka mafuta odzozera odwala.

"Ndikufa?"

"Ayi, bambo."

"Nanga awa wawaitana ndani? Adokotala akuuza iwe osandiuza mwini wake?"

Amayi a wokonza mipope anasendera pafupi, misozi ili m'maso. "Patrick? Ndiwe Patrick wathu wa ku Cork?"

"Ndine Michael, ndipo ku Cork sindinapondeko. Ndine wa ku Wexford."

Misozi inauma pomwepo. "Wa ku Wexford? Ndiye si wathu ameneyu. A Murphy a kumeneko ndi ena." Anatembenukira mwana wawo. "Iwe, wandichotsa pa nkhomaliro chifukwa cha munthu wa ku Wexford?"

Ndinayang'ana mayi a ku Jamaica, poti chiyembekezo changa chinatsala pa iwo.

"Ife dzinali makolo athu analitengera kwa kapitawo wina wa m'munda wa nzimbe, nthawi ya ukapolo," anatero mosatekeseka. "Ubale ulibepo, ndipo ngati ulipo sitikuufuna. Koma tabwera kale. Alongo, yambani nyimbo."

Maseche analira. Wansembe anabweza kabotolo m'thumba. Mwana mmodzi anakhalira rimoti, akavalo n'kuzimiririka atatsala pang'ono kufika pamapeto. Apo ndi pamene bambo Murphy anaimirira okha, popanda wowagwira, koyamba sabata yonseyo.

"Tulukani! Nonse! Pepani bambo mfumu, nanunso tulukani!"

Anthu akukankhana pakhomo, bambo Murphy anandiloza ndi ndodo yawo. Ine ndinali chigwadire.

"Mnyamata iwe, ku Ireland kulibe dzina lofala kuposa Murphy. Ukaponya mwala pamsika ugenda Murphy, ukanjanja ugendanso wina. Anthu otchedwa Murchadh analipo angapo, m'zigawo zosiyana, aliyense ndi adzukulu ake. Sitidziwana, ndipo sitifuna kudziwana!"

Pakhonde ndinapeza mayi wa kumankhwala akundidikira. M'pamene ndinaona kuti ndi yekhayo amene anabwera chimanjamanja.

"Ine sindinabwere kudzazonda," anatero. "Ndinabwera kudzaona ngati n'zoona kuti wantchito akugawa adiresi ya nkhalamba yokhala yokha kwa anthu a mumsewu. Dzinali si langa n'komwe, ndi la mwamuna amene tinasiyana." Anajambula baji yanga ndi foni.

Lolemba m'mawa kampani inandiimitsa ntchito, kudikira kufufuza.

"Unasaina kapena sunasaine?" anafunsa azakhali, yunifolomu asanavule.

"Ndinasaina, azakhali. Koma ndimati pepalalo likunena anthu akunja. Awa ndimayesa abale."

"Abale! Kuno munthu ndi mchimwene wake wa bere limodzi amachita kubukitsa tsiku loti aonane, iwe ukutola abale pa galimoto ya mipope? Ndikawauza chiyani amayi ako akakuona ukutsika minibasi ndi kachikwama kamodzi?"

Masabata atatu ndinakhala pakhomo. Ndinakolopa nyumba ya azakhali mpaka anandiletsa. Foni ikalira, ndinkathamangira kukaona ngati ndi a ku kampani.

Tsiku la mlandu linafika. M'chipindamo munali manijala, amene anali mayi wamfupi wa magalasi, ndi bambo wina wolemba zonse zimene ndinkanena. Ndinafotokoza za mfunda, ndinafotokoza za wogulitsa matayala ndi bulangete lake. Manijala anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako analemba dzina lija pa kompyuta, anaitembenuzira kwa ine, n'kuyamba kutsitsa mndandanda wa a Murphy a mu Birmingham momwemu. Anatsitsa, anatsitsa, mndandanda osatha.

"Onsewa munkafuna kuwaitana?"

"Ayi, mayi. Okhawo amene ndingakumane nawo."

Bambo uja analemba zimenezo. (Ndinazindikira cholembera chikuyenda kuti silinali yankho labwino.)

Manijala anandifunsa ngati ndinaganizako kuti mmodzi wa anthuwo akanatha kukhala wakuba, wobwerera tsiku lina podziwa kuti m'nyumbamo muli nkhalamba yosatha kuthamanga. Sindinali nditaganizako. Manyazi amene ndinamva apo anaposa a Lamulungu lija, chifukwa apa panalibe choseketsa. Anati cholakwa chotere chimachotsetsa ntchito.

"Koma tinapita kukatenga dandaulo la bambo Murphy," anapitiriza, "ndipo akana kusaina. Ati tikuwerengereni izi." Anakonza magalasi. "Mnyamatayo ndi chitsiru, lembani zimenezo. Koma amene mwanditumizira m'malo mwake amandilankhula ngati khanda ndipo amachoka nthawi isanakwane. Chinanso, mayi wa ku Jamaica uja akubwera Lachitatu lililonse ndi supu wa tsabola ndi Baibulo, ndipo samva kukanizidwa. Anamubweretsa ndi iyeyo. Abwere adzamuchotse."

Wolemba uja anaweramira pepala lake, mapewa akugwedezeka.

Anandipatsa chenjezo lomaliza, loti likhala m'faelo yanga miyezi khumi ndi iwiri, ndipo ndikangolakwa kena kalikonse basi kwatha. Anandibwezeranso ku maphunziro a kusunga chinsinsi, kumene ndinakhala mpando wakutsogolo n'kukhoza mafunso onse, monga ndinakhozeranso ulendo woyamba.

Ndinabwerera ku Sparkhill. Mayi a ku Jamaica aja sindinathe kuwachotsa, ndipo woti angawachotse sindinamuone. Bambo Murphy amamwa supuyo akutukwana tsabola, mbale n'kutsala mbee.

Ndinaphunzira kuti dzina la kuno limangokuuza za munthu amene anafa zaka mazana apitawo, silituma aliyense kukazonda amoyo. Ndinaphunzira, koma ndisakunamizeni kuti zinalowa mpaka pansi. Ndikaona dzina la munthu amene ndikumusamalira litalembedwa pa galimoto kapena pa sitolo, miyendo imachedwa yokha. Ndimapisa manja m'matumba, ndimayang'ana pansi, n'kudutsa ngati munthu woipa mtima.

Chaka chonse ndinayenda choncho, osachedwa shifiti ngakhale mphindi imodzi, osapereka moni kwa aliyense wovala baji. Manijala anandiimbira kundiuza kuti chenjezo lafufutidwa Lachisanu, pa 8 Novembala, 2024.