Tsiku lomwe ndinaledzeretsa ophunzira za mowa

Mpaka lero amayi anzanga akandiona pamsika wa Nsipe amatsokomola dala. Bola ndikuuzeni ndekha, musamvere kwa ena.

Amuna anga, bambo a Tadala, anapita ndi kachasu. Titawaika m'manda ndinalumbira kuti m'nyumba mwanga simudzalowanso mowa, ndipo amasiye anzanga anandisankha kukhala wapampando wa gulu lathu lolimbana ndi uchidakwa. (Sukulu ndinalekeza sitandade 4, ndiye mpando umenewu ndinkaunyadira kwabasi.)

Kenako unabwera uthenga woti kukubwera ophunzira anayi a ku yunivesite, a digiri yachiwiri. Onse amaphunzira za mowa ndi chamba, koma aliyense mbali yake: wina za chiwindi, wina za maganizo, wina za mabanja, wina zoyeza zakumwa. Ankafuna kumva kwa ine, mayi wachitsanzo.

Kwathu kuno mlendo sabwerera kukhosi kouma. Ndinali ndi thobwa lotsala pamwambo wa chiliza cha malemu, womwe unachitika Loweruka. Alendo anafika Lachitatu, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ine mphuno zitatsekeka ndi chimfine, osamva fungo lililonse. Ndinathira shuga, n'kugawa.

"Mayi, thobwali kukoma kwake! Likuluma lilime," anatero woyeza zakumwa uja. (Ameneyo ndiye amati katswiri wawo.)

"Ndi chimera cha mawere, bambo. Onjezerani."

Anaonjezera. Nanenso ndinaonjezera, poti kufotokoza za maliro kumaumitsa kukhosi. Pofika kapu yachitatu, wa chiwindi anavula nsapato. Wa maganizo anayamba kulira, ati chibwenzi chinamuthawa, ine n'kumamutonthoza. Kenako wa chiwindi ndi wa mabanja anakangana, uyu akuti uchidakwa ndi matenda, uyu akuti ndi umphawi, mpaka kulozana zala m'maso. Ine ndinaimirira kuti ndiwasonyeze momwe malemu ankayendera pochokera kumowa. Ndinasonyeza bwino zedi, moti ndinagwera m'dengu la kachewere.

Nthawi yomweyo analowa Anangozo, mlembi wa gulu lathu, ndi amayi ena atatu, kudzapereka moni kwa alendo. Anangozo anangonunkhiza ndowa ya thobwa ija kamodzi.

"Apampando, awa ndi masese!"

"Pepani mayi," anayankha katswiri uja atagwira khoma, "sitinganene choncho tisanayeze."

Mpando anandilanda Lamulungu lotsatira. Ndinadandaula kuti chinali chimfine. Anangozo anati chimfine sichivinitsa munthu ngoma pamaso pa alendo. (Zovinazo sindikuzikumbuka, koma mboni zilipo zinayi.)

Ophunzira aja ananditumizira kalata yothokoza, ati anaphunzira zambiri. Ndikukhulupirira. Ine ndinaphunzira chimodzi. Zaka makumi awiri ndinkakalipira bambo a Tadala kuti, "Kodi simungalekeze kapu imodzi?" Ndiye ndinapita kumanda kuja, ndinakawapepesa. Pang'ono pokha.