Tsiku Limene Apongozi Anaona Chingwe Changa

Mwa anthu onse amene ndawaphunzitsa Chingelezi pa foni kuno ku Joni, amene ndimawanyadira kwambiri ndi omwenso ndikawaona panjira ndimakhota. Ndi apongozi anga aakazi.

Iwo ankakhala ku Ivory Park, ife ku Joubert Park. Anali atapeza mwayi wosamalira gogo wina wachizungu, koma ana a gogoyo anati ayambe acheza nawo kaye m'Chingelezi. Akalephera, ntchito ipita kwa wina. Mkazi wanga anagamula yekha: "Muwaphunzitsa ndinu. Si paja mumadzitama kuti ndinu ticha?"

Vuto linali loti kwathu mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, pomwe foni ya vidiyo sidziwa mwambo. Tsiku loyamba nkhope yawo itangotulukira, ndinagwada (inde, ndinagwadira foni), n'kulozetsa kamera kudenga. Nawonso analozetsa yawo kumalata. Madenga awiri anaphunzitsana matensi sabata yathunthu.

Kuwauza kuti alakwa? Pakamwa pankandilemera. Ndinkangoti, "Zili bwino mayi, kungoti azungu ena amanena chonchi."

Kenako anadandaula kuti babu langa likuwathobwa m'maso. Ine ndi phuma langa ndinatembenuzira foni kuzenera osayang'ana, n'kupitiriza kuphunzitsa mokhathamira. Ndinaiwala kuti m'fulati mulibe poyanikira, chingwe tinachimanga pazenera pomwepo. Pachingwepo panali kabudula wanga wamkati, wotopa uja, wa mabowo awiri ngati maso a kadzidzi.

Ndinangomva apongozi akutsokomola.

"Aphunzitsi," anatero pang'onopang'ono, "your wife has not been taking care of you."

Abale inu, chiganizo chathunthu chonena kuti mkazi wanga sakundisamala, chopanda banga, cha mtundu womwe tinalimbana nawo masiku onse aja! Manyazi anandigwira ndithu, koma uphunzitsi unandiposa mphamvu.

"Mwakhoza mayi!" ndinakuwa. "Tabwerezani!"

Anabwerezadi, mokweza, liwu lililonse pamalo pake. Nditatembenuka ndinapeza mkazi wanga ataima pakhomo, matumba a kumsika ali m'manja. Chingelezi amachimva bwino kuposa ine.

Ntchito ija apongozi anaipeza, ndipo aliyense wofunsa ndimamuuza mosabisa kuti anadutsa m'manja mwanga. Chimene sindiuza anthu n'choti kuyambira tsiku limenelo zovala zanga ndimachapa ndekha.