Kwa Bwana Amene Anamanga Khoma Padenga la a Benzarouk

Wolemekezeka Bwana Mkulu Woona za Chikhalidwe mu Mzinda,

Mtendere ukhale nanu, pamodzi ndi onse okunyamulirani chikwama.

Modzichepetsa ndikulengeza kuti Lachiwiri lapitali ine Djaffar, mphunzitsi wa mbiri yakale amene digiri yake imabisa mng'alu pakhoma, ndinagula tikiti n'kulowa m'nyumba ya banja lolemekezeka la Benzarouk, imene mwaisandutsa malo osungiramo zinthu zakale. Ndinabadwira m'nyumba yogundana nayo, koma sindinkadziwa kuti ndikukulira pafupi ndi mbiri. Ndinkangoti ndi kwa aneba.

Ndiloleni ndithokoze mwandondomeko.

Choyamba, matailosi. Akuwala kuposa mmene ankawalira eni ake ali moyo.

Chachiwiri, zidole. Pabwalo pali cha mwamuna wandevu, chakhala pampando ndi kapu ya khofi, sichiyankha munthu, sichigwira ntchito. Mlonda atandiona ndikuchiyang'anitsitsa anati, "Osachikhudza, aphunzitsi, chimenecho n'cha boma." Ndinamuuza kuti ndinali nditazindikira kale.

Chachitatu, denga lathyathyathya lija. Mwaikapo zidole ziwiri za amayi zikupatsirana mbale, ndi chikwangwani cha zilankhulo zitatu chonena kuti kalekale amayi a mzinda uno ankayenderana kudzera pamadenga, osatsikira mumsewu. Bwana, poti mbiri ndiyo ntchito yanga, ndingakuthandizeni kupeza nthawi imene mwambowu unatha. Kalekale ameneyo ndi chaka chatha, sabata imene amisiri anu anazunguliza khoma padengapo n'kubzala mabotolo osweka pamwamba kuti akuba asalowe.

Akubawo ndikuwadziwa. Mmodzi ndi mayi anga, a Zhor, okhala chipinda chapamwamba kumanja kwa nyumba yanuyo. Wina ndi akulu awo, a Baya, okhala chapamwamba kumanzere. Chikwatiwire chawo, masana alionse mayi ankadutsa padengapo ndi kambale ka kusikusi, chakudya chathu cha tirigu, kupita kwa akulu awo. A Benzarouk anali anthu odzimva, opereka moni ndi nsidze, koma sanawaletsepo. Denga linali msewu wa akazi, ndipo amuna tinkadziwa kusakwerako.

Muti azizungulira mumsewu ngati anthu onse. Zoona, Bwana. Kungoti galimoto yanu imaima kumunsi kwa phiri, ndiye simunakumanepo ndi masitepe athu. Mawondo a mayi anadana nawo kalekale, kalekale weniweni. Tinayesa kuwanyamula pampando ine ndi mlamu wanga, koma tisanafike pakona anatibweza. "Nditsika monyamulidwa kamodzi kokha," anatero, "ndipo tsiku limenelo sindidzakumvani mukupumira m'mwamba ngati abulu."

Nditakadandaula ku ofesi yanu anandilandira bwino kwambiri. Mayi wina waulemu anandifotokozera kuti dengalo ndi chuma cha mtundu wonse, choncho silingapondedwe ndi anthu. Anandipatsa ndi chithunzi cha zidole zija, chaulere. Mayi anga atachiona anangoti, "Ololedwawo ndi amenewa? Ndi mbale yomwe sadziwa kugwira."

Ndiye mayi ndi akulu awo anayamba kukuwirana, wina uku wina uko, mawu akudumpha makoma anu awiri. "Achemwali! Mankhwala mwamwa?" "Iwe Zhor, usandilamule, ndinakubereka kumsana ine!" Alendo odzaona malo amakonda zedi zimenezi. Amaloza mafoni m'mwamba, akuyesa ndi mbali ya chionetsero. Mlonda akuti ena amafunsa ngati kudzakhalanso mawa.

Pempho langa ndi laling'ono ngati mwini wakene: zitseko ziwiri, china kumanja china kumanzere, zokwana mayi wokalamba wowerama. Riboni ndigula ndekha, inu mudzangodula, atolankhani adzajambule. Mudzalembe pachikwangwani chatsopano kuti mwaukitsa mwambo umene unafa. Amene anaupha sindidzamutchula.

Koma chonde, ngati komiti ingathe, isachedwe. Mayi Baya sakudzukanso pakama, ndipo makutu awo akutha. Sabata ino mayi anga akhala akukuwa masana alionse osayankhidwa. Ine ndimazungulira masitepe aja kukaona odwalawo, ndipo ndikabwerako ndimauza mayi kuti ndi mphepo yakunyanja ikumwaza mawu. Iwo amagwedeza mutu kuvomera. Sindikudziwanso kuti pakati pa ife awiri akunamiza mnzake ndani.

Ndine wanu wotsikitsitsa, wokhala kuseri kwa khoma lanu,

Djaffar Belounis