Mpando wa Kumbuyo pa Njinga ya Bambo a Tadala

Lolemba

Ndaima pawindo, ndikudzionera ndekha. Amuna anga, bambo a Tadala, akuliza chinjinga chawo chamoto chija, chakuda, cholemera ngati ng'ombe. Kumbuyo kwakwera Esinati, nesi wa ku Chipata amene amakhala fulati ya pansi pathu. Amagwira ntchito chipatala chimodzi ku Woolwich, iwo kukankha mabedi a odwala, iye kubaya jakisoni. Akuti basi ya kuno ku Thamesmead imachedwa. Ine ndimakwera basi yomweyo popita kosamalira nkhalamba, sindinafe.

Chikundiwawa si lifiti ayi, koma kakhalidwe kake! Miyendo uku ndi uku, maondo apana chiuno cha mwamuna wanga, manja azungulira mimba imene ndimaidyetsa ine. Ndawafunsa madzulo. Akuti ndiko kukhala koyenera, wakumbuyo akapanda kugwira choncho njinga imagwa. Lamulo lokoma bwanji!

Nsanje ndili nayo, sindibisa. Pofika Lamlungu mpando umenewo ukhala wanga.

Lachiwiri

Zofunika:
chisoti
jekete yachikopa
buluku
mtima

Buluku ndiye nkhani. Chibadwire sindinavalepo, ngakhale kuntchito ndinachita kupempha yunifolomu ya diresi. Kwathu ku Balaka kabaza timakwera cham'mbali, miyendo yonse mbali imodzi, chitenje chili bwinobwino, dengu pamiyendo. Ndawauza bambo a Tadala kuti ndikhala choncho. Aseka mpaka kutsamwa tiyi. Akuti kuno phazi lililonse limakhala pa chopondera chake, apo ayi apolisi atiimitsa tisanafike n'komwe pa raundabauti.

Lachitatu

Ndapita kumsika wa Woolwich kukagula buluku. Ndikuliyeza m'chiuno chonchi, kumbuyo kwanga kwatulukira amayi a tcheya a kutchalitchi. Ndawauza kuti ndi la mlamu wanga. Aliyang'ana buluku, ayang'ana ine, n'kunena kuti mlamuyo tikufanana thupi.

Kunyumba ndikuyeserera pa mkono wa sofa, pilo ndiye bambo a Tadala. Msana wowongoka. Maondo opana. Pilo sakudandaula. Ntchafu ndizo zikuwawa ngati ndalima munda wa ena.

Chisoti chakana kulowa. Tsitsi ndangoluka sabata yatha ku Croydon, tsiku lathunthu nditakhala pampando.

Lachinayi

Bambo a Tadala ali ndi pakamwa. Amuuza Esinati! Wabwera yekha ndi nthochi m'manja, akumwetulira, akuti andiphunzitse. Akanabwera mwamwano ndikanadziwa chochita. Munthu wabwino ngovuta kudana naye, koma ndikuyesetsa.

Kani mayi ameneyu ali ndi laisensi yake ya njinga zikuluzikulu. Kwawo ankayenda pa njinga yamoto m'midzi kukapima ana sikelo, atafika kuno anakalembanso mayeso. Malangizo ake:
msana wowongoka koma osauma
mapazi asachoke pa zopondera, ngakhale njinga itaima
pokhota, yang'ana paphewa la mbali imene mukukhotera
osagwedezeka, osatembenuka
kugwira ndi manja onse awiri

"Amai, osalimbana nayo njinga. Ikapendeka, naimwe pendekani chabe," akutero m'Chinyanja chake chija.

Kenaka wakhala kumbuyo kwanga pasofa kuti andionetse kagwiridwe. Wandipana ndi maondo, wandikumbatira mpaka ndamva mtima wake ukugunda pamsana panga. Ndiye n'zimene amamva amuna anga m'mawa uliwonse! Nthochi zake sindinadye.

Lachisanu

Ndamasula tsitsi lonse. Chisoti chalowa. Pagalasi ndikuoneka ngati mphika wovundikira.

Kukugwa mvula. Abwera limodzi kuchokera kuntchito atanyowa, akuseka. Kodi m'chisoti munthu amamva bwanji nthabwala? Ndiye kuti amachita kuyandikizana mitu. Ndiwo ndathira mchere kawiri, sindinachite dala kwenikweni.

Loweruka

Tsiku loyesera panjinga lafika. Tili poimika magalimoto kuseri kwa mafulati. Buluku ndavala, pamwamba ndakulunga chitenje, bambo a Tadala andivulitsa kuti chingakodwe m'gudumu. Ndakwera movutikira. Mpando ndi wotakata, wofewa, ndipo msana wa mwamuna wanga ndi wofunda. Zaka zonsezi ndimaudziwa ngati malo opaka mafuta akadwala chimfine.

Tazungulira kamodzi, bwinobwino. Kachiwiri, ndikukomedwa nako. Akufuula kuti ndikuchita bwino. Tikuyandikira pokhota, ndamuona Esinati pakhonde lake akuyanika zovala, sakuyang'ana n'komwe. Ine kuvala buluku, kumasula tsitsi, iye osaona? Ndachotsa dzanja limodzi, ndatembenuka thupi lonse, ndikumubayibitsa.

Njinga yapita kumanzere, ine kumanja. Tagwa pang'onopang'ono, mwaulemu. Ine ndilibe ndi bala lomwe. Phazi lamanzere la bambo a Tadala, losinthira magiya, lapanikizika pansi.

Esinati wathamanga. Watsamira njinga ndi msana, wapinda maondo, waidzutsa yekha. Apa ndiye wationa.

Lamlungu

Phazi latupa ngati chinangwa. Pakufunika kukajambulitsa kuchipatala. Sangayende mpaka pokwerera basi, galimoto tilibe, njinga sangayendetse. Esinati wagogoda atavala kale chisoti.

"Musade nkhawa amai, nizabapeleka. Na kunchito nizayamba kubatenga mpaka bapole."

Ndathokoza. Ndikanatani?

Ndaimanso pawindo. Esinati ali kutsogolo, wagwira chiwongolero. Bambo a Tadala akwera kumbuyo. Msana wowongoka koma osauma. Mapazi pa zopondera. Maondo apana. Manja onse awiri azungulira, zala zakolana kutsogolo. Pokhota ayika chibwano paphewa lake n'kupendeka naye limodzi. Palibe chimene alakwitsa, ngakhale chimodzi. Sanatembenuke kuti andibayibitse.

Ndinkafuna Esinati achoke pampando wa kumbuyo, wachokadi.

Buluku ndalipinda, ndimutumizira mlamu wanga. Ndamanga duku, ndikupita kutchalitchi. Basi yachedwanso.