Ndodo Yanga Yokhota

Lolemba

Atitsekera. Mnzathu wa ku Nepal amene timagona naye chipinda chimodzi wapezeka ndi korona, ndiye ine ndi a Tembo atisamutsira ku buloko ya kumapeto kwa kampu, kuno ku Jebel Ali, ku Dubai. Masiku khumi osatuluka. Sitikudwala ayi, mlandu wathu ndi woti tinapuma mpweya umodzi ndi wodwala. Chakudya akumasiya pakhomo, kugogoda kamodzi, n'kuthawa.

A Tembo ndi a ku Chipata, amagwira ntchito ku weyahausi ya kudoko. Kampani ina, kampu imodzi. Munthu wamkulu, mawu ochepa. Abwera ndi jumbo ya mandimu ndi jinja, akuti korona amaopa zowawasa.

Ine zaka zisanu pa geti la bwalo la gofu. Kudina batani, chitsulo chikwere, saluti, kudina batani, chitsulo chitsike. Gofu weniweniyo ali kuseri kwa mitengo, ine ndimangoona zikwama zake m'mabuti a magalimoto. Julaye wathayu ndinakomoka pa geti masana, nkhope pa simenti. Adokotala ananena mosabisa kuti thupi langali silingaimenso chilimwe china pa dzuwa la kuno.

Ndiye lero uthenga wa asupavaiza pa foni: akufuna anthu awiri oyendetsa tigalimoto tonyamula alendo m'bwalo. Ntchito yokhala pansi, denga pamutu, madzi ozizira kumbuyo. Amalemba anthu ntchitoyi nthawi ino yozizira yokha, alendo akachuluka. Koma akufuna wodziwako gofu. Poti kusonkhana n'koletsedwa, aliyense atumize kavidiyo akumenya mpira, pasanafike 12 koloko masana Loweruka.

Ndayankha kuti gofu ndimamudziwa. Mulungu andikhululukire, ali ndi masiku asanu oti asandutse bodzali kukhala zoona.

Zida zilipo:
- ndodo ya gofu imodzi, ndinatola m'bini mlendo wina atataya
- mpira umodzi, unagubuduka wokha kufika pa geti chaka chatha
- chopondera cha pakhomo, ndiye udzu
- ndowa, yoimikapo foni
- masokosi, mapeya atatu ndi theka

Ndawauza kale amayi akunyumba pa foni kuti za pa geti zatha. Mwina ndafulumira.

Lachiwiri

Kunja kukuzizira bwino, Januwale wa kuno, eni dziko avala majekete ngati ali ku Dedza. Nyengo yokhayo imene munthu angaime panja osatuluka thukuta, ine ndili m'chipinda cha masitepe asanu m'litali, atatu m'lifupi.

M'mawa wonse ndikuonera mavidiyo. Miyendo motere, mawondo opinda pang'ono, mutu pansi, dzanja lamanja m'munsi. Zosavuta. Kwathu ndinkalima ekala ndi khasu lopanda mpini wabwino, kamtengo aka kangandikanike?

Vuto: ndodoyi ndi yokhota. Ndikaima monga akuimira anthu a m'vidiyo, mbali yamizeremizere yomenyera mpira ikuyang'ana kumbuyo. Mpira ndikuumenya ndi msana wa ndodo. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake mwini wake anaitaya. Olemera sataya chinthu chabwino, amataya chimene chingavutitse wosauka.

Zotsatira za lero, pomenya sokosi yokulunga:
- kuphonya, kasanu ndi kawiri
- chopondera kuuluka, sokosi kutsala pomwepo, katatu
- mwendo wa bedi, kawiri, mkono wachita dzanzi mpaka m'khutu
- sokosi kupita kumbuyo, kamodzi, sindikudziwa kuti zatheka bwanji

A Tembo agona pa bedi lawo, manja kunkhongo, akundiyang'ana. Mawu awo tsiku lonse: "Mudala, imwe ni wolimba mtima."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawa.

Lachitatu

Sokosi ndi yopepuka, sikuphunzitsa kanthu. Mpira weniweni ndi umodzi, ndikuusungira tsiku la vidiyo. Pakufunika chinthu chozungulira, cholemerako.

A Tembo ali ku bafa. Jumbo ili pa windo.

Ndimangofuna kubwereka. Ndimu loyamba laphulika pa chopondera. Lachiwiri lalowa pansi pa kabati, silikufikirika. Lachitatu lamenya siling'i, lasiya chizindikiro, lagwera m'mbale ya mpunga. Lachinayi, lachisanu, lachisanu ndi chimodzi. Chipinda chonse chikununkhira ngati mankhwala otsukira mbale. M'maso mukuwawa.

A Tembo atuluka, thaulo paphewa. Ayang'ana jumbo, ayang'ana siling'i, ayang'ana ine. "Yasala yangati?" Awiri. Angoti "Khalas," Chiarabu cha kuno chotanthauza kuti basi zatha, n'kutembenukira kukhoma. Ndapepesa katatu, msana wawo sunayankhe.

Masana uthenga wa mawu wochokera kunyumba. Amayi akuti auza azimayi anzawo a kutchalitchi, apemphera kale pemphero lothokoza. Alamu anga, aja amanena kuti ndinakwera ndege kudzatsegulira anthu zitseko, nawonso amva. "Akuti muwatumizire chithunzi muli pa kagalimotoko, aone okha."

Chithunzi! Ndili ndi njere ya ndimu m'tsitsi.

Lachinayi

Ndayesa kuwongola ndodo. Ndaika mutu wake pansi pa mwendo wa bedi, ndakhalapo, ndakoka. Ndodo ili chimodzimodzi. Msana wanga ndi umene wasintha.

Nesi waimba foni monga amachitira m'mawa uliwonse. Kutentha thupi? Ayi. Chifuwa? Ayi. Kuphwanya m'thupi? Ine kupusa, ndati msana ndi mikono. Patangotha ola limodzi afika awiri ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kamtengo m'mphuno mpaka kukhudza maganizo. A Tembo nawonso awasolola m'mphuno chifukwa cha ine. Misozi ili mbwe, akundiyang'ana. Ndikadakonda akadanditukwana.

Ndayamba kujambula, kuti ndizolowere. Funso linali loti ndowa ndi foni ndiike pati. Ndawerenga bwinobwino malo amene zinthu zakhala zikugwera chiyambire Lachiwiri: kumanzere, kumanja, kumwamba, kumbuyo, pa phazi langa. Kutsogolo, zero. Malo otetezeka kwambiri m'chipinda muno ndi kutsogolo kwenikweni kwa mpira. Foni ndaika pomwepo, pafupi ndi chitseko.

Mavidiyo khumi ndi anayi. Ndawaonera onse. Munthu wa zaka makumi anayi, kabudula wa mpira, akupha njoka yosaoneka.

Pa gulu la foni la kuntchito anzanga ayamba kutumiza awo. Mmodzi wajambulira pa mchenga kuseri kwa kampu yawo, mpira wapita ndithu. Zaka ziwiri zokha pa ntchito. Ine ndinamuphunzitsa ngakhale podina batani.

Lachisanu

Zotsatira za mphuno: tilibe korona. Koma masiku khumi ndi khumi basi, akuti lamulo silinasinthe.

A Tembo atsegula pakamwa koyamba chichokereni Lachitatu. Akumwa tiyi wa ndimu lomaliza, osandiyang'ana. "Iyo ndodo siyokhota. Ni ya lefti."

Ya chiyani?

Ya amanzere. Akuti ali mnyamata ankanyamulira anthu zikwama pa bwalo la gofu kwawo, zaka zitatu. Akuti ndodo za gofu zilipo za anthu amanja, zilipo za amanzere. Yangayi uime mbali inayo, dzanja lamanzere m'munsi, mizere ija iyang'ana kutsogolo yokha.

Ndafunsa kuti adziwa liti. "Pa Mande, pamene munaichosa mu chola." Nanga osanena bwanji? "Poyamba nenze kuganiza museka chabe. Pa Chitatu munapwanya mandimu yanga. Ndipo simunafunse."

Safunsa anadya phula. Ndadya phula masiku anayi, mphunzitsi ali gone pa bedi la pafupi.

Koma chimene chandiwawa si a Tembo. Ine ndinabadwa wamanzere. Ndinaiwala, kapena kuti anandiiwalitsa. Azakhali anga amene anandilera ankandimanga dzanja lamanzere ndi chitenje nthawi ya chakudya, akuti lamanzere ndi la kuchimbudzi. Sitandade 1, aphunzitsi rula pa zala tsiku lililonse mpaka choko chinasamukira kumanja. Kulandira ndi lamanzere, mwano. Kupereka ndi lamanzere, mwano. Kuloza munthu ndi lamanzere, khofi m'mutu. Ndinakula ndikudziwa kuti dzanja ili ndi lobisa.

Ndiye m'mutu mwanga mukanabwera bwanji ganizo loti kwinakwake kuli fakitale, anthu ovala bwino, mainjiniya, akupangira amanzere ndodo zawozawo? Kuno amanzere amawapangira ndodo yosewerera. Kwathu ndodo ya amanzere inali yowamenyera.

Ndakwiya. Ndakwiyira azakhali amene ali kumanda, aphunzitsi amene dzina ndinaiwala, ndi mlendo uja amene anataya ndodo yabwinobwino. Lero sindikhudza chilichonse. Ndodo ili pakona, ine pa bedi, tikuyang'anana.

Loweruka

7 koloko. Ndaima mbali inayo. Manja apeza malo okha, osawauza. Thupi likudziwa chinthu chimene ine sindikudziwa.

Sokosi yoyamba: phaa pa chitseko, pakati penipeni. Yachiwiri pomwepo. Yachitatu pomwepo. A Tembo adzuka, akhala tsonga. "Manje ndiye gofu iyo." Akonza phazi langa ndi chala cha kuphazi kwawo, akuti ndisakweze mutu msanga. Tagwirizana. Ndawalonjeza mandimu jumbo yathunthu.

9 koloko. Makumi awiri motsatizana, osaphonya. Ndikuseka ndekha. Zaka zonsezi ndimadziyesa munthu wa manja olemera, wogwetsa makapu, wolemba ngati nkhuku yapalasa. Kani ndimagwiritsa ntchito dzanja la eni.

10 koloko. Ndavala malaya a kolala, ndapesa. Mpira weniweni pa chopondera. Foni pa ndowa, malo ake a masiku onse. Ndadina kujambula, ndatchula dzina langa ndi nambala ya ntchito, ndamwetulira.

A Tembo akuti anatsegula pakamwa kuti andichenjeze za foni ndodo ili kale m'mwamba.

Kamvekedwe kake sindidzaiwala. Kofewa, koyera, ngati sunamenye kanthu. Mpira wabwino kuposa wina uliwonse umene ndidzamenye pa moyo wanga. Wawongoka ngati chingwe, masitepe anayi, mpaka pakati pa galasi la foni.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Foni ili zidutswa zitatu, china m'ndowa. Siikuyaka. Vidiyo ili m'kati mwake, umboni wokhawo woti ndimatha.

A Tembo apereka foni yawo, tijambulenso. Tajambula, mpira wapita bwino, wasiya chibowo pa chitseko. Titumize kuti? Nambala ya asupavaiza inali m'foni yanga. Gulu la kuntchito, m'foni yanga. Pamtima ndimasunga nambala imodzi yokha, ya kunyumba. A Tembo sadziwa munthu ku kampani yathu.

11 koloko. Ndagona chafufumimba, ndikukuwa pansi pa chitseko. Mlonda wa m'khonde, mlonda mnzanga, waima patali masiki awiri kukamwa. Ndamupempha akafunse nambala ku ofesi ya kampu. "Ofesi yatseka, habibi. Mawa, inshallah." Ndamuuza kuti mawa ndi mochedwa. Wakweza mapewa. Ndimawadziwa mapewa amenewo, ndimakweza omwewo pa geti.

12 koloko yakwana ndili pansi pomwepo. Chakudya chafika, agogoda kamodzi pamwamba pa mutu wanga.

Lamulungu

Wobweretsa tiyi wanena kudzera pa chitseko kuti mayina awiri atuluka kale. Mmodzi ndi uja wa pa mchenga. Akuti vidiyo yake mpira unapita cham'mbali, koma inafika.

Nambala ya asupavaiza yapezeka 9 koloko. Tatumiza vidiyo ndi foni ya a Tembo, ndi kupepesa kwa mizere khumi. Yankho labwera msanga, chala chachikulu chokweza m'mwamba ndi mawu akuti ndidzayesenso nyengo yozizira ikubwerayi. Pakati pa nyengo ino ndi imeneyo pali Julaye. Za chibowo cha pa chitseko a kampu akuti tikambirana ndikatuluka.

Ndaimbira kunyumba pa foni yomweyo. Ndafotokoza zonse, mandimu, ndodo, foni. Amayi angoti: "Ndiye ndiwauze chiyani azimayi aja?" Ndati awauze kuti pemphero lisachotsedwe, lingosungidwa. Sanaseke. Afunsa ngati ndidzapirire dzuwa. Ndati tiona. Za alamu sitinatchule, tonse awiri timawaganiza.

A Tembo akuti ndili ndi dzanja, ndikadayamba ndili mwana bwenzi pano tikunena zina. Akuganiza kuti akunditonthoza.

Ndodo ndaipukuta, ndaiika pansi pa bedi. Mpira uli m'sokosi. Zidutswa za foni zili m'jumbo ija munali mandimu.

Tsamba ili ndalemba ndi dzanja lamanzere, koyamba chichokereni Sitandade 1. Zilembo zikugwa, zikudzuka, zanditengera ola lathunthu. Palibe wandimenya.

Lachinayi atitsegulira. Lachisanu basi ya kampani 5 koloko m'mawa, yunifolomu, geti. Saluti ndi ya dzanja lamanja, limenelo ndi lamulo. Batani lokha ndi limene silisankha dzanja.