Sindiikiza Paukwati wa Mlamu Wake

Mwati mwambi ndakuponyerani uja simukuudziwa kumene unachokera? Siyani kaye kudinadina mafoniwo. Unayamba motere.

Pamsika wathu uno panali bambo wina, a Lufeyo, amene ankaimbitsa nyimbo m'maukwati. Anali munthu wabwino ndithu, koma pa nyimbo anali woumira kosaneneka. Mnzawo akapempha nyimbo imodzi yokha, iwo ankati kompyuta yatopa.

Mng'ono wa mkazi wawo atapeza banja, apongozi anati zoimba zonse zili m'manja mwa mkamwini. A Lufeyo anagula kompyuta ina ya m'manja, naitana Esinta, mwana wa mlongo wawo, amene ankakonza makompyuta kutauni. Esinta anatha tsiku lonse akuikamo mapulogalamu ndi kusanja nyimbo: zolowera akwati, za perekaniperekani, zodulira keke. Atamaliza anakopera zonse, momwe zinakhaliramo, m'kafulashi, kachipangizo kakang'ono kosungiramo za m'kompyuta.

"Malume, kompyutayi ikafa kapena kubedwa, zonse zili umu," anatero Esinta. "Tingobwereka ina n'kubwezeramo, gule n'kupitirira. Koma kasamagone nyumba imodzi ndi kompyuta. Kaikizeni kwina, monga muja tiikizira mbuzi kwa abale kuopa mliri."

"Ndiikize nyimbo zanga? Kwa yani? Kuti mawa ndidzazimve zikulira paukwati wa wina? Ine sindiikiza."

"Ndisunge ine, malume."

"Iwe uli ndi anzako ambiri."

Esinta atapita, a Lufeyo anaganiza nzeru yawoyawo. Anasolola ulusi pathumba la feteleza, namanga kafulashi kaja, n'kukamangirira pachikwama cha kompyuta, mfundo zolimba. "Mwana amagona pamsana pa mayi wake," anadziyamikira.

Tsiku la ukwati zimkuzamawu zinatsogola pangolo, njira yozungulira. Mwiniwake anatsala akupukuta nsapato zosongoka, ndipo atachedwa anadzera chidule cha pamlatho wa mitengo. Kumtunda kunali kutavumba mvula. Ali pakati, nsapato inatereka. Munthu anakumbatira mtengo, chikwama cha kompyuta chija chinagwera m'madzi kuti phava! Anachiona chikupita, kafulashi kakutsatira pambuyo pa ulusi wake.

Anafika paukwati suti ili tchipitchipi. Anthu anali atadzaza, akwati akudikira panja pa mpanda. Esinta atamva anawathamangira.

"Musadandaule, malume. Pali aphunzitsi ena pano amene abwera ndi kompyuta yawo. Kafulashi munaikiza kuti? Nditume njinga pompano."

A Lufeyo anayang'ana nsapato zawo.

"Malume?"

"Kali ndi mayi wake," anayankha chapansipansi.

Esinta anangogwira pakamwa.

Tsono mukudziwa kuti mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Apongozi, a Nankhoma, sanakalipe, ndipo kukalipako kukanakhala bwino. Anatembenukira kwa mwana wawo, mkazi wa a Lufeyo, nalankhula mofatsa koma momveka mpaka kumakhitchini.

"Awuzeni bambo a kunyumba kwanu kuti akwati atopa kuimirira. Ife anatilonjeza nyimbo. Za kompyuta sitinapangane."

Analibe kothawira. A Lufeyo anatola maikolofoni, madzi akudontha m'manja mwa jekete, nayamba kuimba okha nyimbo yolowera akwati. Mawu awo ngati wilibala yosathira oilo, ndipo zimkuzamawu zawo zomwe zinawafikitsa mpaka kutsidya. Gitala ankaimbanso ndi pakamwa. Mkwatibwi analowa atawerama, ndipo sikunali kuwerama kwa mwambo kuja. Mkazi wa a Lufeyo anadzifunditsa chitenje kumutu. Ine ndinalipo, ndipo manyazi anandigwira ngati woimbayo ndine.

Amayi a kwaya anawamvera chisoni nawalanda nyimbo. A Lufeyo anatulukira kuseri, osalawa ngakhale mpunga, ndipo kwa apongozi anatha chaka osapondako.

Ndiye inu mukuti kompyuta yanu mwangoikonza kumene, zonse mwakopera m'kafulashi, koma mwakasunga m'chikwama chomwecho? Anthu a pamsika uno sananame: Sindiikiza anaimba ndi pakamwa.