Tsiku limene ndinalozetsa ndege ya a Daka ku Sudan

Nkhaniyi ndakhala ndikuikana kwa zaka zambili, koma ndatopa. Ku Petauke kuno aliyense amaifotokoza mmene afunila, ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Inali nthawi ija boma linagulitsa makampani, ambili a ife n'kutiuza kuti tikapume kunyumba. Ine ndinatsegula kashopu kokonza mawailesi pafupi ndi msika. Tsiku lina kunabwela a Daka, amene kale ankayendetsa ndege zikuluzikulu ku Lusaka, ntchito isanawathele ngati ife tomwe. Iwo anali atagula kandege kakale ka mipando inayi, konyamulila alendo okaona nyama ku Luangwa. Anaika katoni patebulo. Mkati munali makina atsopano a GPS, aja amauza woyendetsa pamene ali ndi kumene akupita. Anati akale a m'ndegemo ayamba kumazima okha m'mwamba, ndipo mmisili wa ku Lusaka sabwela mwezi umenewo. Anandifunsa ngati ndinagwilapo zotele.

Ndikanangoti iyayi. Koma m'shopu munali anthu, ndipo pakamwa panga panayankha posandifunsa: "Izi timazidziwa, bambo." (Chinthu cha mapiko chimene ndinali nditachigwilapo pa moyo wanga chinali nkhuku.)

M'mawa mwake tinakumana kubwalo la ndege. Kunena zoona, mawaya sanandivute. Ndinachotsa makina akale, ndinalumikiza atsopano, fyuzi pamalo pake, ndipo pofika masana kagalasi kanayaka. A Daka anakondwa. Anandipatsa kabuku kawo ka manambala, nati ndilowetse a bwalo la ku Nyimba kuti tikayesele kumeneko, iwo n'kuthamangila ku Boma kukasaina mapepala.

Ndinayamba kudina mabatani, buku la malangizo lili pamwendo, Chizungu chake chaching'ono ngati nyelele. Ndisanalembe nambala yoyamba, pakagalasi panaoneka chilembo N, chikuphethila. Ndinagwedeza mutu ndi ulemu. Makina anzelu chotani, adziwa kale kuti ndi Nyimba! M'kabuku ka a Daka munali S, koma a Daka amalemba ngati dokotala, ndiye ndinangoti dzanja linatelela. Ndinaisiya N ija.

Atabwela anatsegula chitseko cha mbali inayo. "Kwelani, amisili. Wokonza ndiye amayamba kuyesa." Ndinatchula za kasitomala amene akundidikila. Ndinatchula za m'mimba. Ndinanenanso kuti amake Tisa, akazi anga, sindinawatsanzike. Pamene ndimamaliza, anali atandimanga kale lamba.

Unali mwezi wotentha tchile, utsi uli ponseponse. Titangonyamuka, dziko linasowa. A Daka anakhotetsa ndege kutsatila kamuvi ka pamakina, ine ndinatseka maso n'kuyamba kupemphela. Chinyanja chitanditha ndinapitiliza m'Chinsenga.

Patapita mphindi zingapo ndinamva a Daka akufunsa mofatsa kuti Nyimba anasamuka liti. Ndinatsegula diso limodzi. Makina aja ankanena kuti kwatsala makilomita opitilila zikwi zitatu. Pansi, m'mipata ya utsi, munkangooneka mapili ndi mitengo, opanda mudzi, opanda msewu. Mafuta anali ongokwanila Nyimba ndi kubwelela.

Anandifunsa chimene ndinalowetsa. Ndinafotokoza za N, mawu akuchepa. Sanakalipe. Anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene dziko lamukhumudwitsa kambili, nandiuza kuti N ndi kumpoto, S ndi kummwela, ndipo malo amene ndalembawo ndi chipululu cha ku Sudan. Anati ndikonze msanga, popeza mabataniwo ndinkawadziwa ndine. Ndinatambasula dzanja, ndege inadumpha ngati yagunda chulu, chala chinagwela pena, makina n'kuzima. Buku la malangizo ndinali nditalisiya padilamu ku Petauke.

"Chabwino," anatelo a Daka. "Siyani kugwila zinthu. Yang'anani pansi, mufune msewu wa tala."

Anatembenuza ndege ndi kampasi yakale yolozela kumpoto, imene ndinkaiona ngati chokongoletsa, natsika pang'ono. Kuyang'ana pansi ndiko kunamaliza m'mimba mwanga, ndipo chipewa changa cha ku tchalitchi chinagwila ntchito imene sichinasokeledwe. Pakati pa zimenezo ndinaona denga la basi, njinga ndi matumba zili pamwamba, ikukwawa chopita ku Lusaka. Sindinakondepo basi monga ndinaikondela imeneyo. Tinaitsata mpaka ku Nyimba.

Titatela, kusintha chilembo chija kunatenga nthawi yochepa kuposa kumanga nsapato. A Daka anati tikwele tibwelele. Ndinakhala pansi pa udzu n'kuwauza kuti akhoza kundimenya, koma sindikwela. Anatenga chikwama changa cha zida nanyamuka, ine n'kukapempha malo palole yonyamula nthochi. Inafa kawili panjila.

Chimene sindinadziwe n'chakuti mbili inali itafika kumsika kuti ndauluka. Amake Tisa anavala chitenje chatsopano, anatenga anzawo a mumpingo, napita kubwalo kukandichingamila. Ndege inatela, a Daka anatsika okha, chikwama changa chili m'manja, nkhope yotopa. Akazi anga sanadikile kufunsa. Anagwa pansi n'kuyamba kulila malilo, anzawo n'kuthandizila. A Daka anavutika kuti amveke, ndipo atamveka anafotokoza zonse, ndi za Sudan zomwe, pamaso pa amai onsewo.

Ndinafika dzuwa likulowa, malaya ali ndi utomoni wa nthochi, anthu adakali pakhomo. Amake Tisa, maso ali otupa, anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kuphazi. Anangofunsa chinthu chimodzi: "Chipewa chili kuti?"

Mpaka lelo, munthu akabweletsa wailesi amandichenjeza kuti ndisaitumize ku Sudan. Ndinasiya kuyankha. Ndinaphunzila kuti mawu akuti "sindidziwa" sapha munthu, ndipo ndimawayeseza m'mawa uliwonse popita kushopu. Dzulo kunabwela mphunzitsi wa ku Minga ndi kompyuta yakufa. Ndinakonzeka, ndinatsegula pakamwa bwinobwino, ndipo ndinadzimva ndikunena kuti aisiye pomwepo, abwele Lachisanu.